Ma Amen Athu Pansi pa Vidiyo ya ku Milepa

Mwana wanga wamkazi analowa gulu la ochemerera ali Fomu 2, pa sukulu yoyendera ya kufupi ndi kwathu kuno ku Njuli. Kale kuchemerera kunali kungoima m'mbali mwa bwalo n'kumakuwa mpira ukamaseweredwa. Madamu ena achitsikana atabwera kudzaphunzitsa pa sukulupo anazisintha. Atsikana anayamba kuvala zofanana, kuvina motsatira ng'oma, kugwedeza mphonje zimene ankapanga pong'amba majumbo, ndipo pomaliza ankakwerana pamapewa mpaka mmodzi aime pamwamba pa anzake onse. Wangayu ndi wojintcha, anatengera abambo ake, choncho malo ake anali pansi, kunyamula anzake. Ndinathokoza Mulungu pa chimenecho. Wapansi sagwa, ndipo maso a anthu sakhala pa iye.

Atafika Fomu 4, tsamba lina la mchezo pa intaneti linalengeza mpikisano wa magulu otere. Boma lililonse limayenera kutumiza gulu limodzi ku Blantyre. Kuno ku Chiradzulu anatsala awiri, athuwa ndi a sukulu ina ya ku Milepa. Eni tsambalo anaika mavidiyo awiriwo pa tsamba lawo, nati imene idzakhale ndi makomenti ambiri pofika kumapeto kwa mwezi, gulu lake ndilo lidzapite. Kwa mwana wanga unali mwayi womaliza, poti chaka chimenecho amalemba mayeso n'kuchoka pa sukulupo.

Madamu anaitana makolo kuti atifotokozere.

"Makolo, musavutike n'kulemba zambiri," anatero. "Ngakhale kadontho kokha amawerenga. Bola ikhale komenti."

"Ngakhale Amen?" ndinafunsa ine.

Anthu anaseka.

"Amen ndiye wabwino kwambiri, mayi. Ndi wamfupi, satha bandulo."

Ndinafunsa dala, chifukwa ndinkadziwa chuma chimene ndinali nacho m'manja. Ife amayi a mpingo wathu tili ndi gulu pa foni. Timatumizirana ndime ya tsiku, mayina a odwala, za maliro ndi za zinkhoswe. Chilichonse chimene munthu angaikemo, yankho lake ndi Amen. Amayi ena anaikamo kuti mbuzi yawo yasowa, amene waiona anene, ndipo anakolola ma Amen okhaokha mpaka dzuwa kulowa. Ambiri a ife tilinso m'magulu a mipingo ina ya m'boma muno, a kwaya, a mapemphero a kuphiri, ndipo zimene zalowa m'gulu limodzi zimatulukira m'magulu onse.

Ndinatumiza vidiyo ya ana athu m'gululo, ndi kuwaonetsa amayi podina kuti akalembe pa tsamba penipeni, osati m'gulu mwathu. Anamvera. Ma Amen anayamba kutsika pansi pa vidiyoyo ngati nyerere zapeza shuga, aliyense ndi kachithunzi kake pambali. Pafupifupi tonse pa akaunti zathu tinaika zithunzi zimene tinajambulitsa pa msonkhano waukulu wa amayi, titavala bulauzi yoyera ndi mpango woyera. Ukatsitsa ndi chala, unkangoona mipango yoyera yondondozana.

Ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa Njuli. Masiku amenewo makasitomala ankachita kundigwedeza phewa, maso anga ali pa foni kuona nambala ikukwera. Malembo amanena za mfumu ina imene inalamula kuti anthu ake awerengedwe, pofuna kudziwa kukula kwake, ndipo mliri unagwera anthu amene sanalamule kanthu. Nkhani imeneyi ndinaiphunzitsapo ana a Sande sukulu. Inandibwerera m'mutu ndili pa benchi langa, koma ndinaiuza kuti idikire mwezi uthe.

Vidiyo ya ku Milepa poyamba sindinkaitsegula. Ndinaitsegula nditaona kuti nambala yawo yayamba kutiyandikira. Kunena zoona, ana aja ankatiposa. Pamwamba pawo pankaima kamtsikana kochepa thupi, phazi limodzi m'manja mwa anzake, kenako kankagwira mwendo winawo n'kuukweza mpaka bondo kufika kukhutu. Mkati mwa siketi kanavala kabudula wothina ngati mmene amavalira ana athu. Makomenti ambiri anali a achinyamata, ena kuyamikira, ena kulemba zimene sindingazibwereze.

Mtima wanga unatentha. Ndinatumiza vidiyoyo m'gulu la amayi, ndi kutsatiza uthenga wa mawu. Ndinati, "Amayi, taonani anzathu aja amene akufuna kutiimira ku Blantyre. Ana athu sachita zoterezi. Tiyeni tiime pamodzi." Sindinawauze kuti akalembe kanthu. Sindinawauzenso kuti asakalembe. Amayi anzanga ndimawadziwa kuyambira tili atsikana, ndipo ndinkadziwa chimene mwendo uja udzawachite.

Pa vidiyo iyi sanalembe Amen. Wina anafunsa ngati mwanayo ali ndi amake. Wina anamuyerekeza ndi mtsikana uja anavina pa phwando la mfumu mpaka mutu wa mneneri unabwera m'mbale. Atcheya athu, amayi olemekezeka amene sadya asanawerenge Baibulo, anakopera ndime yonse yonena za chilango cha akazi onyada. Ena ankangolemba kuti moto ukudikira. Onsewa ankakhulupirira kuti akuthandiza ana athu ndipo akutumikira Mulungu pa nthawi imodzi. Zinachoka m'gulu lathu n'kulowa m'magulu ena, mipango yoyera yachilendo inabweranso kudzaonjezera. Achinyamata aja ataona kuti pabwera nkhondo anakondwa, anayamba kuyankhana ndi amayiwo. Wina anatchula mudzi umene mtsikanayo amachokera, wina anatchula banja lake.

Ine sindinalembepo ngakhale liwu limodzi. Ndinadzitonthoza nazo zimenezo kwa kanthawi, mpaka ndinakumbukira kuti pamene wofera chikhulupiriro woyamba ankagendedwa, panali wina amene sanatole mwala, ankangosunga zovala za ogendawo.

Chimene tonse tinaiwala n'chakuti eni tsambalo sawerenga mawu, amawerenga makomenti. Mwano uliwonse unali voti. Nambala ya ku Milepa inatidutsa n'kutisiya kutali.

Madamu anandipeza pa msika ndikupinda mabulangete.

"Mayi, mwatichita chiyani? Asilikali anu aja mwawatumiza kukamenyera mdani!"

"Sindinawatume kuti akalembe, madamu."

"Nanga munawatuma kuti akaombe m'manja? Mverani. Mnzanga wophunzitsa ku Milepa wandiimbira. Mwana wapamwamba uja sakupita kusukulu, ndipo amalume ake amuletsa za gululi. Ngakhale apambane, iye ku Blantyre sapita. Ndiye chonde kauzeni amayi anuwo afufute zonse. Mwanayo apume, ifenso nambala yawo ikatsika tibwerera pamwamba. Mwaona? Aliyense apindula."

Mawuwa anandikomera msanga, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunandiopsa. Kulapa ndi phindu zinali m'mbale imodzi.

Kunyumba ndinapeza mwana wanga atakhala pakhonde ndi foni ya mnzake. Sanandilonjere. Anayamba kundiwerengera makomentiwo mokweza, mmodzimmodzi, akutchula ndi mwini wake: awa ndi amene anandiphunzitsa katekisimu, awa ndi amene amaimba alito pambali panu.

"Basi, ndamva," ndinatero.

"Simunamve, Amayi. Mwendo umenewo ifenso timauphunzira tsiku lililonse. Wathu wapamwamba amangolephera basi. Akanautha, ukanakhala mu vidiyo yathu, ine nditamugwira phazi. Bwenzi moto ukudikira ine?"

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada, koma pemphero silinatuluke. Ambuye anati munthu akafika pa guwa ndi nsembe yake n'kukumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, aisiye pomwepo ayambe wapita kwa m'baleyo. Ndinadzuka.

M'mawa mwake sindinatsegule benchi. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Boma, kuchoka apo galimoto ya ku Milepa, kenako kabaza. Kufunsa njira sikunavute, poti mudzi ndi banja zinali zitalembedwa kale poyera. Wakabazayo nditangotchula banjalo anati, "Oo, kwa mtsikana wa mwendo uja?" Ndinamuuza kuti apalase.

Ndinapeza amayi a mtsikanayo ali pamkeka kuseri kwa nyumba akusenda nandolo. Tinapatsana moni, anandiyalira chitenje, kenako anadikira kuti ndinene chimene ndadzera.

"Ndachokera ku Njuli," ndinatero. "Mwana wanga ali m'gulu linalo."

Manja awo anaima.

"Ndinu wa mpango woyera uti? Poti alipo ambiri pamenepo."

"Ine sindinalembe. Ndine amene ndinawatumizira vidiyoyo."

Anatuma uthenga kwa achimwene awo, amalume a mtsikanayo, amene amakhala nyumba yoyandikana. Anabwera bambo wamtali waimvi, atanyamula kampando kake. Nditamva mmene amalankhulira ndinadziwa kuti ndi mkulu wa mpingo, ndipo zinapezeka kuti ndi mpingo wathu womwewu. Mtsikanayo sanatuluke. Zenera la chipinda linali lotsegula pang'ono, ndipo katani linkagwedezeka popanda mphepo.

Ndinafotokoza zonse, osachotsapo uthenga wa mawu uja. Amalumewo anamvetsera atazolika.

"Mayi," anatero, "akanakhala anyamata a pa siteji okha, ndikanati ndi fumbi, lidutsa. Mwanayu ndinamuloleza ndine, ndinakaonerako kusukulu, sindinaone choipa. Koma amene anena kuti ndi wa kumoto ndi amayi ovala yunifomu ya mpingo wanga. Lamulungu ndinaima kutsogolo kuwerenga zolengeza, anthu akuyang'ana m'mafoni, akandiyang'ana ine, n'kubwereranso m'mafoni. Ndiye ndimutumize ku Blantyre akakwezenso mwendo? Ndikaima pati?"

"Ndikawauza afufute zonse, bambo."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa. Anthu anali atajambula kale makomentiwo ngati zithunzi, ndipo zithunzizo zinali zitazungulira mudzi wonse.

"Mufufuta m'mafoni angati? Mukafufuta, woyera ndinu, osati mwanayu. Ndiponso ndamva kuti mukafufuta, opita ku Blantyre ndi anu. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Ndiye mwabwera ulendo wonsewu kudzandipempha chilolezo choti mupambane?"

Ndinayang'ana pansi, pa makoko a nandolo.

"Munamunyozera pa msika," anapitiriza, "mwabwera kudzapepesera kuseri kwa nyumba. Ife tamva, ndipo zikomo poti mwabwera, ena sakanabwera. Koma kalankhuleni pomwe munalankhulira paja, ndi nkhope zanu zomwezo, anthu a kuno aone kuti mpingo wabweza mawu ake. Ndikaona zimenezo, ndiganizanso za ulendowu."

Amayi aja anandiperekeza mpaka pa msewu, monga mwa mwambo.

Ndili m'galimoto ndinazisinkhasinkha. Kupepesa pa tsambalo kunali kulembanso komenti pansi pa vidiyo ya ku Milepa. Ndipo ndinkadziwa chimene amayi anzanga amachita akaona mawu ofatsa okhala ndi dzina la Mulungu.

Mwana wanga ndinamupeza akuwerenga za mayeso pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinakhala pambali pake n'kumuuza zimene amalume aja ananena.

"Mukalemba pamenepo ndi voti yawo inanso," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndipo amayi anuwo abwera ndi ma Amen awo."

"Mwina."

"Palibe mwina. Anthu oyankha Amen mbuzi itasowa?" Anatseka kope. "Ndiye kwa ine mukufuna chiyani? Ndikulolezeni?"

"Ndimafuna udziwe ndisanachite."

"Potumiza ija munandifunsa?"

"Sindinakufunse."

"Ndiye iyinso musandifunse. Mukufuna mudzati tinagwirizana. Sitinagwirizane, Amayi. Ine ku Blantyre ndikufuna kupita. Ndanyamula anthu pamapewa kuyambira Fomu 2, khosi limandiwawa mpaka pano. Chitani zimene mukuona kuti Mulungu wanu akufuna, koma musandiuze kuti ndikondwere."

Mawu akuti Mulungu wanu anandilasa kuposa ena onse. Mwanayu ndinamubatizitsa ali wakhanda, ndipo anali asanalankhulepo choncho.

Lachinayi pa msonkhano wa amayi ndinapempha mpata titatha kuimba. Ndinanena za ulendo wanga, ndi kupempha kuti aliyense amene analemba apite pansi pa mawu ake omwewo akapepese. Atcheya ndiwo anayamba.

"Achemwali, ife talakwa chiyani? Tinaona choipa, tinadzudzula. Anatiitana ndani? Si inu?"

"Ndine, atcheya. Koma sindinakuitaneni chifukwa cha choipa. Ndinakuitanani chifukwa nambala yawo imatiyandikira."

"Zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu. Ine zimene ndinalemba si mawu anga, ndi Malembo. Ndikapepese chifukwa cha Malembo?"

"Komanso kupepesa kwa mwana wobadwa dzulo," anatero amayi ena kumbuyo. "Mawa adzatikwera pamutu ngati mmene amakwerera anzakewo."

Ena anaseka. Kenako amayi ena achikulire, amene amakhala pafupi ndi khomo chifukwa cha miyendo, anakweza dzanja.

"Ine vidiyoyo sindinaione n'komwe," anatero. "Imangozungulira osatseguka. Ndinaona zimene alemba anzanga, ndiye ndinati nanenso ndisatsalire. Kodi mwanayo anatani kwenikweni?"

Atcheya anayambitsa nyimbo yotsekera.

Nditatuluka ndinakhala pa khonde la tchalitchi n'kulemba ndekha, ndi akaunti yanga, chithunzi changa cha mpango woyera chili pambali. Ndinalemba kuti ndine mayi wa mwana wa gulu la ku Njuli, kuti ndine ndinaitana amayi a mpingo pa vidiyo imeneyi, ndipo ndinatero chifukwa cha nsanje, osati chifukwa cha chiyero. Ndinalemba kuti mtsikanayu sanachite chilichonse chimene ana athu saphunzira, kuti ndamulakwira iye ndi banja lake pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, ndipo ndikupempha chikhululuko. Ndinadina. Kenako ndinatumiza mawuwo m'gulu lathu la pa foni.

Amayi awiri kapena atatu anakalemba kupepesa kwawokwawo. Ena onse anachita zimene mwana wanga ananena. Ma Amen anatsika pansi pa mawu anga, ochokera m'gulu lathu ndi m'magulu ena, ngakhale kwa amayi amene mwano wawo unali ukadali pamwamba pake osafufutidwa. Sindikudziwa kuti ndi angati anawerenga. Atcheya sanalembe kanthu, ndipo ndime yawo ija ikadalipo mpaka lero. Achinyamata ena anandinyoza kuti ndine mfiti yolapa masana, ndipo zimenezonso zinawerengedwa. Madamu ananditumizira uthenga waufupi: "Zikomo mayi, mwatimaliza bwinobwino."

Mwezi utatha, eni tsambalo analengeza kuti gulu la ku Milepa ndilo liimire Chiradzulu. Mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira, anadya pang'ono, n'kukagona dzuwa likadalipo. Ine ndinadziuza kuti bola mtsikana uja apita, kuti chimene ndamulanda wangayu chafika m'manja mwa amene ndinamulakwira. Ndinaligwira ganizo limeneli ngati ndodo.

Patapita masiku, amayi a ku Milepa aja anandiimbira. Nambala yanga anaipeza kwa aphunzitsi.

"Ndimati ndikudziwitseni, poti munavutika kubwera," anatero. "Achimwene aona zimene munalemba. Awerengera ndi akulu anzawo a mpingo. Avomera kuti apite."

"Ambuye alemekezeke!"

"Koma mwiniwake wakana."

Ndinakhala pa belo la zovala.

"Wakana bwanji?"

"Akuti ku Blantyre mafoni akakhala ambiri kuposa kuno. Tamunyengerera, aphunzitsi ake abwera, anzake abwera. Akuti sadzakweranso pamwamba pa munthu. Kusukulu wayambiranso, koma akaweruka amadzera njira ya kumunda, safuna kudutsa pa siteji."

"Ndingalankhule naye?"

Ndinamva akumuitana, kenako mawu apansipansi.

"Akuti moni wanu wamva," anatero amayiwo.

Madzulo ake ndinamuuza mwana wanga tikutsuka mbale. Anapitiriza kutsuka osandiyang'ana.

"Ndiye iye sapita, inenso sindipita."

"Eya."

"Apita ndani?"

"Anzake. Pamwamba akwera wina."

"Winayo sangauthe mwendo uja," anatero. "Palibe angauthe m'boma muno. Inu simunaone, Amayi, munangoona siketi. Phazi lake silinagwedezeke ngakhale pang'ono. Ife apansi timadziwa, munthu wotero umamunyamula ngati sunanyamule kanthu. Ndinkafuna tsiku lina ndidzamunyamuleko."

Anatsanula madzi, n'kulowa m'nyumba.

M'gulu la amayi ndikadalimo. Mayina a odwala akabwera ndimawapempherera, koma kulemba yankho kumandivuta tsopano, ndimayamba ndawerenga kawiri. Mtsikana uja ndimamutchula m'pemphero m'mawa uliwonse. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira, pakuti analonjeza kutero kwa olapa, koma chikhululuko chimenecho sichinamukweze mwana wa eni pamapewa a anzake, ndipo sichinamubwezere wanga chaka chake.

Tsiku la mpikisano wa ku Blantyre eni tsambalo anaonetsa zonse pa intaneti. Ndinagula bandulo yokwanira, ndinabwerako msanga ku msika, ndinamuuza mwana wanga kuti tikhoza kuonera limodzi pakhonde. Anavala nsapato zake, nati akaonera kwa mnzake, foni ya kumeneko imaonetsa bwino.